Chadya Mwana Wathu N'chiyani?

Lamya inalira m'mamawa wa tsiku lina la mwezi wa Julaye, nyengo imene ku Gaborone kuno kumazizira mpaka udzu kudzuka utayera ndi chisanu. Woimbayo anali mayi wina wa kwathu amene timapemphera naye limodzi. Anati mnyamata wina wa ku Dedza, mmisiri womanga nyumba, wapezeka atamwalira m'chipinda chimene ankachita lendi ku Mogoditshane. Dzulo lake anagwira ntchito tsiku lonse, anadya nsima, anacheza ndi anzake, n'kukagona. Sanadwale, sanadandaule ngakhale mutu. Apolisi anali atatenga kale thupi. Ankandifuna ine chifukwa ntchito yanga ndi yomasulira mawu, ndipo panafunika munthu woima pakati pa apolisi olankhula Chitswana ndi Chingerezi, ndi abale a malemu amene ankaimba lamya kuchokera kumudzi.

Mkazi wa mnyamatayo sanagone m'nyumbamo usiku umenewo. Awiriwo anali atakangana, iye n'kukakhala kwa mchemwali wake ku Tlokweng. Koma madzulo a tsiku lomalizalo anabwera ndi kambale ka ndiwo, kufuna kuti mkangano uthe, kenako n'kubwerera. Pofika masana, nkhani ya kambale kameneka inali itafika kale ku Dedza.

Malume ake a malemu, amene ndiwo mwini mbumba, anandiuza zinthu ziwiri pa lamya imodzi. Poyamba anati: "Bambo, muwauze apolisiwo asamung'ambe mwana wathu. Atipatse wathunthu, tidzamuike kuno kwawo." Nditawafotokozera kuti apolisi sangatulutse thupi la munthu womwalira mwadzidzidzi chonchi dokotala asanalipime, anakhala chete pang'ono. Kenako anati: "Nanga mkazi uja, wanena chimene anathira m'ndiwo?"

Sindinawaone ngati munthu woipa. Anali mkulu wosweka mtima, wokhala kutali ndi maliro a mwana wa mlongo wake. Koma mawu awo awiriwo akhala akundizunguza kuyambira tsiku limenelo. Mpeni wa dokotala ankaukana, yankho ankalifuna, ndipo poti yankho panalibe, anali atapeza kale lawo. Funso limene anandisiyira ndi ili: kodi boma, limene si m'bale wathu, lili ndi ufulu wanji wogwira maliro athu, kuchedwetsa mwambo, n'kumafunsa mafunso pa munthu amene sadzadzukanso? Wakufayo apindulapo chiyani?

Tiyambire kwathu. Kufunsa za imfa sitinaphunzire kwa azungu. Pa maliro akumudzi, thupi lisananyamuke, woimira banja amaimirira n'kufotokozera amfumu ndi khamu lonse mmene matenda anayambira, kumene anapita naye wodwalayo, ndi tsiku limene anatsirizika. Mudzi umafuna kumva, chifukwa munthu sakwiriridwa mwakachetechete ngati nkhuku yofa ndi chitopa. Imfa ya nkhalamba imene yadwala miyezi imafotokozeka mosavuta. Yovuta ndi ya munthu amene dzulo anali kumunda. Pamenepo funso lathu limatembenuka msanga: timasiya kufunsa kuti chamudya n'chiyani, n'kuyamba kufunsa kuti wamudya ndani. Makolo ankapita kukaombeza, ndipo woganiziridwa ankamwetsedwa mwavi. Wosanza ndiye wosalakwa, wofa ndiye mfiti. Boma la atsamunda linaletsa mwavi ndi lamulo la 1911, koma ludzu lofuna dzina la munthu palibe lamulo linalithetsa. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, mtsikana wina atafa ndi mphenzi, anthu anapha nkhalamba zinayi poziganizira ufiti. Maliro amodzi anasanduka asanu.

Choncho kufunsa kulipo, ndipo kudzakhalapobe. Chimene tingasankhe n'chakuti afunse ndani, afunsire kuti, ndipo akhutire ndi umboni wotani.

Liwu limene linandivuta kumasulira tsiku lija ndi lakuti inquest. M'Chichewa mulibe liwu limodzi lofanana nalo. Kulitcha mlandu n'kulakwitsa, chifukwa pabwalo limeneli sipakhala woimbidwa mlandu. Woweruza amakhala pansi kuti afufuze imfa yadzidzidzi, yachiwawa, kapena yosadziwika chifukwa chake, n'kuyankha mafunso anayi: womwalirayo ndani, wamwalira liti, wamwalirira kuti, ndipo wamwalira bwanji. Chiyambi cha mwambowu ku England n'chosapatsa ulemu kwenikweni. Udindo wa coroner unakhazikitsidwa mu 1194, m'nthawi ya mfumu Richard I, ndipo ntchito yake yaikulu inali kuonetsetsa kuti zindapusa ndi katundu woyenera kupita kwa mfumu pa imfa zoterezi asasowe. Anayamba ngati wokhometsa msonkho pa mitembo, ndipo panadutsa zaka mazana ambiri kuti ntchito yake isanduke yofunafuna choona. Botswana ndi Malawi, pokhala maiko amene analamulidwa ndi Britain, analandira mwambo umenewu. Lililonse lili ndi lamulo lake lotchedwa Inquests Act, ndipo amene amakhala pabwaloli kawirikawiri ndi majisitireti. Kupima thupi ndi chiyambi chabe. Dokotala akapeza chifukwa chomveka, nkhani imatha kuthera pomwepo. Pakatsala chikayiko, bwalo limaitana mboni.

Ubwino wa bwalo limeneli uli pa kudziletsa kwake. Limayamba ndi funso la "bwanji", la "ndani" n'kulisiya lidikire. Mtima wa namfedwa umayenda mosiyana: umathamangira dzina, chifukwa dzina limapatsa chisoni pogwira. N'chapafupi kudana ndi munthu kusiyana n'kuvomereza kuti mwana wapita popanda womukwiyira. Koma munthu amene wayamba ndi dzina amapeza umboni paliponse, ngakhale m'kambale ka ndiwo.

Komabe Mmalawi wodziwa mbiri ya dziko lake ali ndi chifukwa chopukusa mutu akamva kuti boma ndilo lifufuze imfa. Mu Meyi 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto, ndipo m'masiku amenewo kufunsa kunali kudziputira. Zinadikira mpaka komishoni ya Jaji Mtegha, imene inakhazikitsidwa mu 1994, kuti zidziwike poyera kuti anayiwo anaphedwa ndi apolisi ndipo ngoziyo inali yochita kukonza. Mu Seputembala 2011, Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic ku Blantyre, anapezeka atafa pasukulupo, apolisi n'kunena kuti wadzipha podziponya kuchokera pamwamba. Dokotala wopima mitembo Charles Dzamalala anapeza kuti mabala ake sanali a munthu wogwa, ndipo mu 2012 komishoni ya Jaji Andrew Nyirenda inati mnyamatayo anaphedwa.

Ku South Africa, dziko limene malire ake ali makilomita ochepa chabe kuchokera pamene ndikulembera pano, boma la tsankho linkagwiritsa ntchito inquest yeniyeniyo posambitsa apolisi m'manja. Ahmed Timol anagwa kuchokera pa nsanjika ya 10 ya polisi ya John Vorster Square ku Johannesburg mu Okutobala 1971, ndipo bwalo la 1972 linati anadzipha. Steve Biko anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Seputembala 1977 atavulazidwa m'mutu, ndipo bwalo linati palibe wolakwa. Mboni zinaitanidwa, malumbiro anachitidwa, zidindo zinadindidwa, koma chotuluka chake chinali bodza.

Ndiye malume aja akanatha kundifunsa kuti: pepala la boma likusiyana bwanji ndi ula wa sing'anga, ngati zonse ziwiri zimatha kunama? Yankho langa n'lakuti bodza la pepala limasiya mapazi. Bwalo limalemba zimene mboni yanena. Dokotala amalemba bala lililonse, kukula kwake ndi malo ake, n'kusainira dzina lake. Zolembazo zimakhala m'kabati kudikira tsiku limene wamphamvu uja adzakhale atachoka pampando. Mwavi ukapha munthu sipakhala apilo, ndipo nkhalamba za ku Neno zija palibe bwalo lingazibwezere moyo.

Izi ndi zimene zakhala zikuchitika m'zaka zaposachedwapa. Imtiaz Cajee, mwana wa mlongo wake wa Timol, anatha zaka zambiri akufunafuna mapepala a imfa ya malume ake, mpaka inquest ija inatsegulidwanso mu 2017. Madokotala a lero anawerenganso lipoti la kupima thupi la 1971, n'kuonetsa kuti mabala ena analipo iye asanagwe. Pa 12 Okutobala 2017, Jaji Billy Mothle anagamula kuti Timol anaphedwa. Zinatenga zaka 46. Pambuyo pake inatsegulidwanso ya Neil Aggett, ndipo mu 2022 bwalo linati nayenso sanadziphe. Mu 2025 inatsegulidwanso ya Biko, komanso ya Albert Luthuli, amene kuyambira 1967 dziko linkauzidwa kuti anagundidwa ndi sitima ya pamtunda. Bwalo latsopano linapeza kuti anachita kumenyedwa. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo apa mwambiwu wagwira ntchito m'khoti leniloni.

Kusintha kwina kwachitika pa tanthauzo la liwu lakuti "bwanji", ndipo ine womasulira mawu ndimachita chidwi kuona liwu limodzi likusenza katundu wotere. Kwa nthawi yaitali makhoti a ku England ankalimva mopanikiza: munthuyu wafa ndi chiyani, chingwe, madzi kapena chipolopolo? Mu 2004, pa mlandu wa Middleton, wokhudza mkaidi amene anadzimangirira m'ndende, oweruza a House of Lords anati pamene boma linali ndi udindo woteteza moyo wa munthu, liwuli litanthauzenso mmene zinthu zinalili kuti zifike pamenepo. Anamuona ndani? Anachenjezedwa ndani n'kukhala chete? Phindu la kufunsa kotambasuka chonchi linaoneka bwino ku Pretoria mu Julaye 2024, pamene Jaji Mmonoa Teffo anapereka chigamulo pa imfa za odwala matenda a maganizo oposa 140, amene anamwalira atasamutsidwa ku zipatala za Life Esidimeni kupita kumalo osayenera kusunga odwala. Anthu amenewa palibe anawaombera. Ambiri anafa ndi njala, ludzu, chibayo ndi kusowa chisamaliro. Funso lopanikiza likanangolemba kuti chibayo, nkhani n'kutha. Jajiyo anapeza kuti kunyalanyaza kwa akuluakulu awiri a zaumoyo m'chigawo cha Gauteng ndiko kunachititsa imfa za ena mwa iwo. Apa "bwanji" anafika kwa "ndani", koma anafikako poyenda pa umboni.

Dziko limene ndikukhalali lili ndi imfa ziwiri zimene anthu amazikambabe, ndipo ukaziika pamodzi zimaphunzitsa kanthu. Mu Novembala 1994, Segametsi Mogomotsi, mtsikana wa zaka 14 wa ku Mochudi, mudzi waukulu umene uli makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Gaborone, anapezeka ataphedwa, ziwalo zina zitadulidwa. Amene anagwidwa anatulutsidwa. Kumayambiriro kwa 1995 ana asukulu a ku Mochudi anachita zipolowe n'kuononga katundu wa anthu amene ankawaganizira, ndipo ophunzira a University of Botswana anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo. Boma linaitana apolisi a Scotland Yard, koma kwa zaka zambiri linakana kutulutsa lipoti lawo poyera, ndipo palibe amene anapezeka wolakwa. Batswana ndi anthu ozolowera kgotla, bwalo lakumudzi lofanana ndi lathu lija la pansi pa mtengo, pamene nkhani imakambidwa aliyense akumva. Kufufuza kwa m'chipinda chotseka sikunawatonthoze. Mpaka lero dzina la mtsikanayu likatchulidwa, aliyense amakhala ndi womuganizira wake.

Imfa inayo ndi ya John Kalafatis, amene anaomberedwa ndi asilikali ali m'galimoto mu Gaborone muno mu Meyi 2009. Ankamuganizira kuti ndi mbava, ndipo panali ena amene ankati munthu wotere safunika kumulirira. Banja lake, mothandizidwa ndi maloya Dick Bayford ndi Duma Boko, amene anadzakhala pulezidenti wa dzikoli mu 2024, linakana kuti nkhani ithere pamenepo. Mu 2011 khoti lalikulu linapeza asilikali atatu olakwa pa mlandu wakupha, n'kuwagamula zaka 11 m'ndende. Chaka chotsatira Pulezidenti Ian Khama anawakhululukira. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ambiri anati khama lonse lija lapita pachabe. Ine sindikuganiza choncho. Chikhululukirocho chinatsegula chitseko cha ndende, koma zimene zinanenedwa pabwalo anthu akumva zinatsala momwemo. Pa imfa zonse ziwirizi chilango chenicheni panalibe. Kusiyana kwake n'kwakuti ya Kalafatis ikudziwika mmene inachitikira, ndipo palibe mudzi umene unatenthana chifukwa cha iyo. Komanso nkhani yake inatsimikizira chinthu chimene timachiiwala tikakwiya: munthu sayenera kukhala wabwino kaye kuti imfa yake ifufuzidwe.

Tibwerere ku funso lija: wakufa amapindulanji? Sadya, samva kuzizira kwa m'nyumba yachisoni, sawerenga chigamulo. Koma pali chinthu chimodzi chake chimene chimatsala m'manja mwathu, ndicho mbiri yake, ndipo iye sangathenso kudzikanira. M'chinenero chathu mawu akuti wafa, waphedwa ndi wadzipha ndi afupiafupi, koma amagamula zambiri. Amagamula ngati mpingo udzaimba nyimbo pa maliro ake. Amagamula ngati ana ake adzakula ndi manyazi kapena ndi mkwiyo, ndiponso ngati mkazi wake adzakhala pasiwa kapena adzathamangitsidwa. Kulemba liwu lolakwika pa munthu amene sangayankhe n'kumubera chomaliza chimene anali nacho. Amoyo nawo amapindula: wosalakwa amamasuka, ndipo amene akanafa mofananamo mawa amachenjezedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindikufuna kubisa mtengo wake. Thupi la mnyamata uja linakhala masiku 9 lisananyamuke. Kuno palibe anadabwa, chifukwa Batswana amatha sabata yathunthu akupemphera madzulo alionse pakhomo pa anamfedwa, maliro n'kudzaika Loweruka m'mamawa. Koma ku Dedza anthu anagona pasiwa masiku onsewo, chimanga cha m'nkhokwe chikutha, amayi ake akulira mwana amene sakumuona. Palinso abale athu a Chisilamu amene chipembedzo chawo chimafuna kuti munthu aikidwe mwamsanga. Kwa iwo tsiku lililonse lodikira ndi lowawa. Choncho boma limene likufuna kuti tilipatse mitembo yathu lili ndi ngongole kwa ife. Lichite ntchitoyo msanga. Lifotokozere abale m'chinenero chimene amamva, osati kuwaponyera pepala la Chingerezi cha madokotala. Libweze thupi mwaulemu, ndipo zimene lapeza linene poyera, ngakhale zitakhala zolichititsa manyazi. Likalephera zimenezi, anthu adzabwerera kwa woombeza, ndipo sindingawadzudzule kwambiri.

Dokotala anapeza kuti magazi a mnyamata uja anali ofiira mopitirira muyezo, chizindikiro cha mpweya wotchedwa carbon monoxide. Usiku umenewo, chifukwa cha kuzizira, analowetsa mbaula ya makala m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi zenera. Makala akamayaka m'malo mosapita mphepo amatulutsa mpweya wopanda fungo ndiponso wosaoneka, umene umakanirira m'magazi kuposa mpweya wabwino umene timapuma, mwamphamvu yoposa maulendo 200. Munthu amangoodzera, osadzukanso. Chizindikiro cha poizoni panalibe. Mbaulayo tonse tinaiona tsiku loyamba lija titapita kuchipindako, ili pakona, phulusa lokhalokha. Koma maso athu anali pa kambale.

Ndinawaimbira malume aja madzulo. Ndinawauza kuti mwana wawo anapita ndi utsi wosaoneka wa makala. Anafunsa kawiri: "Mukuti makala, bambo?" Ndinati inde, makala. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayesa kuti lamya yaduka. Kenako anati mpongozi wawoyo akwere galimoto yobweretsa thupi, adzalire mwamuna wake pamodzi ndi abale. Sanapepese, ndipo sindinayembekezere kuti apepesa.

Ndinamva pambuyo pake kuti pa tsiku loika maliro, iwo eni ndiwo anaimirira pamaso pa amfumu kufotokoza mmene mwana wawo anamwalirira. Anatchula mbaula, anatchula zenera lotseka, n'kuchenjeza anyamata a m'mudzimo amene amapita kukagwira ntchito kumaiko ozizira. Mkazi uja anakhala pakati pa amayi anzake pasiwa, atafunda chitenje kumutu, ndipo palibe anamuloza chala.